Mpamba ukatha, choyamba kumanganso ndi dzina

M'madoko a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira ndi ku Malindi, kudzera ku Monkey Bay ndi ku Senga Bay mpaka kukafika ku Nkhotakota, ndi midzi yochepa imene ilibe munthu amene kale ankatchedwa bwana koma lero amayenda njira ya kuseri kwa nyumba. Wina adali ndi boti, injini ndi chilimira. Wina ankapititsa usipa ku Limbe sabata ndi sabata. Wina adali ndi golosale imene mudzi wonse unkagulako sopo ndi mchere. Lero katundu adalandidwa, mpamba udatha, ndipo foni ikalira mtima umagunda poganiza kuti ndi mwini ndalama.

Zifukwa zake tikuzidziwa. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa mafuta, maukonde ndi zipangizo za injini udakwera osayang'ana m'mbuyo. Namondwe wa Freddy adasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ndipo m'chaka cha 2024 madzi a nyanja adakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo a malonda. Ena adagwa chifukwa cha matenda aakulu pakhomo. Ena adagwa ndi manja awo omwe: juga, moyo wodzionetsera, kapena kudya mpamba pamodzi ndi phindu.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, funso la lero likukhudza zimene zimachitika munthu atagwa kale. Kodi adzakhulupirikanso bwanji? Kodi angakongolenso, nanga kwa yani, ndipo m'njira yotani yosamulowetsa m'haramu?

Kugwa pa chuma si kugwa pa chikhulupiriro

Malamulo a Chisilamu adaiganizira nkhaniyi kalekale. Munthu amene ngongole zake zaposa katundu wake amatchedwa muflis, liwu lochokera ku fulus, timakobidi tating'ono: ndiye kuti watsala ndi timakobidi tokha. Eni ndalama akadandaula, woweruza amamuletsa kugulitsa kapena kupereka katundu wake mwa iye yekha, amagulitsa katunduyo, ndipo ndalama zake amazigawa molingana ndi kukula kwa ngongole ya aliyense. Tiyerekeze kuti munthu ali ndi ngongole ya K1,500,000 kwa woyamba, K900,000 kwa wachiwiri ndi K600,000 kwa wachitatu, koma katundu wake wakwana K1,000,000 yokha. Woyamba alandira K500,000, wachiwiri K300,000, wachitatu K200,000. Waukali kapena wachibale salandira zambiri kuposa gawo lake. Wangongoleyo savulidwa zovala kapena kulandidwa chakudya cha ana ake, ndipo maulama a mazihabu a Hanbali amawonjezera kuti asiyiridwe pogona ndi zipangizo zogwirira ntchito yake.

Imam Malik m'buku la Muwatta adasimba za munthu wa fuko la Juhaina amene ankagula ngamira pa mtengo wokwera kuti azifika msanga kuposa anzake paulendo wa Hajj, mpaka adagwa m'ngongole. Khalifa Umar (Allah asangalale naye) adalengeza kuti eni ngongole asonkhane ndipo adawagawira katundu wake. M'mabuku a fiqh mumasimbidwanso kuti Mu'adh bin Jabal, mnyamata wopatsa kwambiri, katundu wake adagulitsidwa pofuna kubweza ngongole. Mu'adh yemweyo ndi amene Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) adamutuma ku Yemen kukakhala mphunzitsi ndi woweruza. Munthu amene matumba ake adakhuthulidwa adapatsidwa udindo pa dziko lathunthu. Choncho amene wagwa asathawe mzikiti, ndipo ife tisamuyang'ane ngati wakhate.

Kudzipha chifukwa cha ngongole, kumene timamva kawirikawiri m'malipoti a apolisi, ndi tchimo lalikulu, ndipo sikuchotsa ngongole. Kumangoisiyira mkazi wamasiye ndi ana. Amene maganizo otere akumufikira auze Sheikh, m'bale kapena achipatala tsiku lomwelo.

Lamulo la dziko ndi kaundula wa angongole

Dziko lathu lili ndi lamulo la Insolvency Act la 2016, limene lidalowa m'malo mwa lamulo lakale. Ndi bwalo lalikulu la milandu limene lingalengeze kuti munthu walephereratu kubweza ngongole, ndipo kufikira bwalo litamumasula pali maudindo amene saloledwa, monga kuimira pa chisankho cha aphungu a Nyumba ya Malamulo. Ambiri mwa ife sitifika kumeneko. Kugwa kwathu kumachitikira pabwalo la amfumu, pakhonde la banki m'khonde, kapena pamene masherifu afika ndi galimoto kudzatenga katundu.

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti ngongole za kubanki ndi za m'mabungwe obwereketsa ndalama zimalembedwa m'kaundula. Lamulo la Credit Reference Bureau Act la 2010, limene lidakonzedwanso mu 2016, limalola makampani ovomerezedwa ndi banki yaikulu ya Reserve kusunga mbiri ya momwe munthu amabwezera ngongole, ndipo obwereketsa amafunsa kumeneko asanapereke ndalama. Chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, kusintha boma lokhala kapena nambala ya foni sikubisanso munthu. Amene adathawa ngongole ku Salima adzaipeza ikumudikira ku Mangochi. Muli ndi ufulu wopempha kuona zimene zidalembedwa za inu ndi kudandaula ngati pali cholakwika, monga ngongole imene mudamaliza koma ikuonekabe. Mukamaliza kubweza kulikonse, pemphani kalata yotsimikiza ndipo muisunge ngati chiphaso.

Pali kusiyana kumodzi kofunika kukumvetsa. Bwalo la milandu lingamumasule munthu, eni ndalama n'kusiya kumulondola. Pamaso pa Allah ngongole imatha m'njira ziwiri zokha: kubweza, kapena kukhululukidwa ndi mwini wake. Ndime 280 ya Sura Al-Baqara ikulamula kuti wosowa apatsidwe nthawi kufikira atapeza bwino, ndipo ikulimbikitsa mwini ndalama kuti kukhululuka ndi kwabwino koposa. Kupatsidwa nthawi ndi kudikiridwa chabe. Akuluakulu adati mlandu suwola. Mtumiki (SAW) adazengereza kupempherera Janaza ya munthu amene adasiya ngongole kufikira Abu Qatada atalonjeza kuti adzabweza, ndipo adaphunzitsa kuti ngakhale wofera m'njira ya Allah amakhululukidwa zonse kupatula ngongole.

Yambani ndi cholembera, kenako miyendo

Ntchito yoyamba ya munthu amene akufuna kudzuka ndi kukhala pansi ndi kope. Alembe dzina la aliyense amene adamukongoza, kuchuluka kwa ndalama, tsiku ndi mboni, osasiya ngakhale ya mayi wogulitsa nkhuni kapena malipiro a anyamata a m'boti. Ambiri amaopa kuwerengera, ndipo ngongole yosawerengedwa imakula m'mutu usiku kuposa mmene ilili. Mkazi kapena mwamuna wake aone kopelo. Banja limene silidziwa kukula kwa dzenje limapitiriza kudya ngati kale.

Ntchito yachiwiri ndi kuyenda. Pitani kwa mwini ndalama iye asanabwere kwa inu, mutatenga munthu wamkulu, Imamu wa pamzikiti kapena mwinimbumba. Mbewa yamanyazi idafera kuuna. Nenani zimene zidachitika ndi zimene mungakwanitse, ngakhale zikhale K10,000 pamwezi, ndipo musalonjeze zokometsa m'kamwa. Mtumiki (SAW) ankapempha kawirikawiri chitetezo ku ngongole, ndipo atafunsidwa chifukwa chake adafotokoza kuti wangongole amayamba kunama ndi kuswa malonjezo. Apa mpamene pali chinsinsi cha nkhani yonse. Anthu amakhululuka umphawi, koma amasunga mumtima foni yozimitsidwa ndi mawa amene safika.

Kupempha kuti ngongole ichepetsedwe n'kololedwa. Ka'b bin Malik adakangana ndi Ibn Abi Hadrad mu mzikiti wa Madina chifukwa cha ngongole mpaka mawu awo adamveka m'nyumba ya Mtumiki (SAW). Iye adatuluka, nakodola Ka'b kuti achotsepo theka, ndipo atavomera adauza mnzakeyo kuti anyamuke akabweze chotsalacho. Zimene mwagwirizana zilembedwe, onse asainire, mboni ziwiri zione. Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an yolemekezeka, ya 282 m'Sura Al-Baqara, ikunena za kulemba ngongole, yaing'ono ndi yaikulu yomwe. Kulemba kumateteza chibale chimene kuiwala kukadachiwononga.

Amene wasankha kupita ku Joni kukafuna maganyu asachoke usiku. Atsanzike kwa eni ndalama, asiye womuimira, ndipo ndalama yoyamba kutumiza igawidwe pakati pa ana ndi ngongole. Kumanga nyumba ya malata kumudzi pamene amene adakukongozani akugona ndi njala ndi kupondereza kumene Mtumiki (SAW) adakudzudzula ponena za munthu wopeza amene amazengereza kubweza.

Misampha imene imadikira wogwa

Munthu akagwa, oyamba kumumwetulira ndi akatapila. Tiyerekeze kuti watenga K200,000 pa mgwirizano wowonjezera theka pamwezi. Mwezi woyamba ngongole yafika K300,000, wachiwiri K450,000, wachitatu K675,000. Palibe usipa kapena mpunga umene ungabereke mofulumira chotero. Kuwonjezera apo amalanda khadi ya kubanki ndi chiphaso cha unzika. Iyi ndi riba yeniyeni imene Sura Al-Baqara ikuiletsa ndi mawu oopsa, ndipo kukongola kwa katapila kuti ubweze kubanki ndi kuzima moto ndi petulo. Amene ali kale m'manja mwa katapila adziwe kuti mabwalo a milandu ali ndi mphamvu younikanso mgwirizano wa chiwongoladzanja chopyola muyeso, ndipo afunse uphungu kwa odziwa malamulo.

Msampha wachiwiri uli m'thumba. Ngongole za pafoni zimabwera m'kamphindi, popanda kuyang'anana m'maso ndi munthu, ndipo ambiri amazitenga kuti akayesere mwayi pa juga ya mpira. Juga ndi haramu, ndipo siinatulutsepo banja m'ngongole.

Msampha wachitatu ndi womvetsa chisoni koposa. Bambo amene dzina lake lidaipa amatuma mkazi wake kukatenga ngongole ku banki m'khonde kapena ku bungwe la amayi. Ndalama amadya bambo, koma tsiku lobweza likafika amene amalandidwa mapoto, matiresi ndi mbuzi ndi mayi, ndipo ndi mayiyo amene amanyozedwa pachitsime. M'Chisilamu chuma cha mkazi ndi chake, mahari ndi ake, ndipo dzina lake ndi amana imene mwamuna sayenera kuiwononga. Mkazi akafuna kuthandiza mwa kufuna kwake, zilembedwe ngati ngongole ina iliyonse.

Pomaliza pali pinyolo. Kupereka chikole n'kololedwa: Mtumiki (SAW) adamwalira chovala chake cha nkhondo chili chikole kwa Myuda chifukwa cha masaa 30 a barele amene adatengera banja lake. Koma chikole ndi chitsimikizo chabe. Wokongoza amene akulima munda wa mpunga wa mnzake chaka ndi chaka, kapena kuphera nsomba ukonde wa pinyolo, pamene ngongole ili chiimire, akudya phindu lochokera pa ngongole, ndipo maulama amaliwerengera m'gulu la riba.

Kukongolanso: pang'onopang'ono ndi mtolo

Abdul Rahman bin Auf atafika ku Madina m'chaka cha 622 adalibe kanthu. M'bale wake wa Chiansari, Sa'd bin Rabi', adafuna kumugawira theka la chuma chake, koma iye adathokoza napempha kuti amulozere kumsika. Adayamba ndi malonda ang'onoang'ono a mafuta a mkaka, ndipo adadzakhala mmodzi wa Maswahaba olemera kwambiri. Amene adali mwini boti asachite manyazi kukwera boti la mnzake, kuyanika usipa pathandala, kapena kusoka maukonde a ena. Anthu akamakuonani padoko m'bandakucha tsiku ndi tsiku, mbiri yanu yayamba kale kulembedwanso.

Ngongole yoyamba mutagwa ikhale ya katundu, yaing'ono ndiponso ya masiku ochepa. Tengani beseni limodzi la usipa kapena katoni imodzi ya sopo pa mgwirizano wobweza Lachisanu, ndipo mukabweze Lachinayi. Bwerezani kakhumi. Wamalonda amene wabwezeredwa kakhumi pa nthawi yake ndiye mboni yanu yoposa kalata iliyonse. Ndalama za malonda zizidutsa pa akaunti kapena pa foni yodziwika kuti pakhale umboni wa zolowa ndi zotuluka, ndipo thumba la malonda lisiyane ndi thumba la pakhomo.

Tsiku lobweza ligwirizane ndi nyengo. Msodzi amene akulonjeza kubweza ndalama zambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mwera ukuletsa maboti kulowa, kapena mu Novembala pamene nyanja yatsekedwa kuti chambo chiswane, akudzikonzera yekha bodza. Mlimi wa mpunga alonjeze nthawi yokolola.

Shariya ili ndi njira zingapo zopezera mpamba popanda riba. Qardh hasan ndi ngongole ya chifundo, yobweza ndalama zomwezo popanda chowonjezera. Murabaha ndi pamene mwini ndalama agula yekha katundu, monga injini, n'kukugulitsani pa mtengo wodziwika wokhala ndi phindu lake, wolipira pang'onopang'ono, ndipo mtengowo sukwera ngakhale mutachedwa. Mudharaba ndi pamene wina aika ndalama, wina aika manja ndi luso, n'kugawana phindu m'magawo amene adagwirizana. Malonda akaluza popanda chinyengo kapena kusasamala, mwini ndalama ataya ndalama zake, wogwira ntchito ataya thukuta lake. Njira imeneyi imamukomera munthu amene mpamba udatha koma nyanja ndi msika akuzidziwa. Salam ndi kulipiriratu katundu wodzabwera, monga amachitira ogula nsomba kapena mpunga. Imaloledwa ngati mtundu, muyeso ndi tsiku zatchulidwa ndipo mtengo wonse waperekedwa pomwepo. Kubwereka injini pa lendi kumaloledwanso, ndipo nthawi zambiri n'kwanzeru kuposa kugula.

Chipereganyu, pamene anthu amasonkha ndalama zofanana n'kumalandira mosinthana, maulama ambiri amachiloleza chifukwa aliyense amalandira zimene adaika. Wogwa amene akulowa m'gulu lotere apemphe kukhala womaliza kulandira. Akatero wasonyeza kuti wabwera kudzasunga. Banki m'khonde yowonjezera chiwongoladzanja ndi riba ngakhale phindulo ligawidwe kwa mamembala, koma gulu lingasinthe kachitidwe: ligule katundu n'kugulitsa kwa membala pa mtengo wodziwika. Kumabanki nako zinthu zayamba kusintha, ndipo banki ya FDH ili ndi gawo lotchedwa Salama lotsata malamulo a Chisilamu. Komabe banki iliyonse idzafunsa mbiri yanu, ndipo mgwirizano uliwonse muuwerenge pamodzi ndi wodziwa musanasaine.

Kwacha ikagwa, amene adakukongozani zaka zitatu zapitazo amalandira ndalama zofooka. Kuika lamulo lowonjezera pa nthawi yokongola n'koletsedwa, koma wobweza akawonjezera mwa kufuna kwake ndi khalidwe labwino. Mtumiki (SAW) adakongola ngamira yaing'ono nabweza yaikulu ndi yabwino kuposa, ndipo adayamikira anthu obweza bwino. Amene Allah wamutsegulira akumbukire amene adamudikira.

Gawo la mzikiti ndi la eni ndalama

Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ndime 60 ya Sura At-Tawba ikutchula magulu 8 oyenera kulandira Zakaat, ndipo angongole ali m'gululo, malinga ngongoleyo isakhale ya zinthu zoletsedwa, kapena munthuyo akhale atalapa moona. M'madera mwathu Zakaat timaipereka kwambiri ngati ufa ndi zovala za Eid, n'kuiwala kuti kumasula bambo mmodzi ku ngongole kungabwezere banja lonse pa miyendo yake. Makomiti a mizikiti angathe kukhazikitsa thumba la qardh hasan lokhala ndi kaundula, mboni ndi malipoti owerengedwa poyera pambuyo pa Jumu'ah, popanda kutchula maina a okongola.

Kwa inu amene muli ndi ndalama kwa anzanu, ufulu wanu ndi weniweni ndipo palibe angakukakamizeni kuutaya. Koma siyanitsani wosowa ndi wozemba. M'nthawi ya Mtumiki (SAW) munthu wina adaluza pa zipatso zimene adagula; anthu adamusonkhera koma sizidakwane, ndipo eni ngongole adauzidwa kuti atenge zimene zapezekazo, asamupanikize kupyola apo. Kunyoza wangongole pamaliro kapena kumulengeza pa WhatsApp kumaononga dzina limene akadagwiritsa ntchito popeza ndalama zokubwezerani.

Ndipo tonse tilembe ngongole zathu pamalo pamene ana angazipeze, chifukwa chuma cha masiye sichigawidwa ngongole zisanabwezedwe. Zubair bin Awwam adamwalira m'chaka cha 656 atasiya ngongole yaikulu kwambiri. Mwana wake Abdullah adagulitsa malo, nabweza onse odziwika, ndipo adakana kugawa chotsala kufikira atalengeza pa nyengo ya Hajj kwa zaka 4 kuti aliyense amene bambo ake adali naye ngongole abwere. Umo ndi mmene banja limasungira dzina la kholo lake.

Mtumiki (SAW) adalonjeza kuti amene atenga chuma cha anthu ali ndi cholinga chobweza, Allah adzamuthandiza kubweza, ndipo adachenjeza kuti amene atenga ndi cholinga chowononga, Allah adzamuwononga. Cholinga chimaoneka pa K5,000 imene yaperekedwa pa tsiku lake ndi kulembedwa m'kope. Tikupempha Allah kuti awapeputsire onse amene alemedwa ndi ngongole, afewetse mitima ya owadikira, ndipo atipatse riziki la halali lotikwanira. Ameen.